Mafunso Anu, Mayankho Athu: Womaliza digiri akafuna kusewerera yunivesite ina

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akukhudza nkhani imodzi, imene yakanganitsa akuluakulu a masewero ku America kwa zaka pafupifupi 20, ndiyo ya ufulu wa wosewera basiketibolo amene wamaliza digiri yoyamba koma akufuna kukasewerera yunivesite ina. Makalata ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Akonzi olemekezeka, ndimatsatira basiketibolo ya m'mayunivesite a ku America pa intaneti, ndipo kawirikawiri ndimamva owulutsa masewero akunena kuti wosewera wakutiwakuti ndi graduate transfer. Sindimvetsa chimene chimamusiyanitsa munthu wotereyu ndi wosewera wina aliyense amene wasintha sukulu. Ngati munthu wamaliza digiri, akufunanso chiyani kusukulu, ndipo n'chifukwa chiyani panafunika malamulo apadera okhudza iyeyo? Ndine wowerenga wanu wokonda basiketibolo.

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, limene latipatsa poyambira pabwino. Gwero la nkhani yonseyi ndi lamulo la nthawi. Bungwe la NCAA, limene likulu lake lili mumzinda wa Indianapolis ndipo limayang'anira masewero a m'mayunivesite ambiri a dzikolo, lakhala kwa zaka zambiri likupatsa wosewera wa gawo lapamwamba, lotchedwa Division I, zaka zisanu zoti aseweremo masizoni anayi, ndipo zaka zimenezi zimayamba kuwerengedwa pamene iye walembetsa koyamba ngati wophunzira wa nthawi zonse pa koleji iliyonse. Chaka chachisanucho n'chosungira zadzidzidzi. Wina amavulala bondo n'kutha chaka chathunthu osaponda pabwalo, pamene wina kochi amamuona kuti sanakhwime ndipo amamuuza kuti azingokonzekera pamodzi ndi anzake koma asasewere masewero ovomerezeka, zimene kumeneko amazitcha redshirt. Komatu m'kalasi mnyamatayo saima. Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi, ndipo popeza osewera ambiri amatsala pasukulu ngakhale pa tchuthi chachitali cha pakati pa chaka, akuphunzira maphunziro owonjezera, ena amaimaliza m'zaka zitatu zokha. Mapeto ake n'ngakuti munthu wavala mkanjo, digiri ili m'manja, koma akadali ndi sizoni imodzi kapena awiri oti asewere, ndipo kuti asewere ayenera kukhala wophunzira, n'chifukwa chake amalembetsa maphunziro a digiri yachiwiri.

Tsono kale kunali lamulo lolimba lokhudza osamuka. Wosewera basiketibolo, wamwamuna kapena wamkazi, amene wachoka pa yunivesite ina ya Division I kupita pa inzake ankayenera kukhala chaka chathunthu pasukulu yatsopanoyo asanaloledwe kusewera. Lamuloli linkagwiranso osewera mpira wa ku America wovala zisoti uja, baseball ndiponso hockey ya amuna ya pa madzi oundana, pamene osewera masewero ena, monga kusambira kapena kuthamanga, ankatha kusamuka kamodzi popanda kudikira. Chifukwa chimene chinkaperekedwa chinali chakuti wophunzirayo azolowere kaye sukulu yatsopano kuti maphunziro ake asasokonekere. Kwa munthu amene wamaliza kale digiri, chifukwa chimenechi chilibe miyendo, ndipo kumudikiritsa chaka kunali kumulanda sizoni yake yomaliza, popeza zaka zisanu zija sizidikira munthu.

Mu 2006 NCAA inavomereza kuti womaliza digiri azitha kusamuka n'kuyamba kusewera pompopompo. Mmodzi mwa oyamba kupindula anali Kevin Kruger, amene anachoka ku Arizona State kupita ku UNLV ya mumzinda wa Las Vegas, kumene bambo ake, a Lon Kruger, anali kochi, ndipo mu Malichi 2007 timuyo inafika m'gulu la matimu 16 otsala mumpikisano waukulu wa dzikolo. Koma pofika nthawi imeneyo lamulolo linali litafa kale, chifukwa makochi ambiri anali atadandaula kwambiri ndipo mayunivesite anavota kulithetsa mu Januwale 2007. Chimene chinatsala chinali njira yopempha chilolezo chapadera, imene inkafuna kuti wosewerayo aonetse kuti maphunziro amene akukachita kusukulu yatsopano kulibe kusukulu yakale, komanso kuti sukulu yakaleyo sikutsutsa. Mu 2011 njirayi inasanduka lamulo lokhazikika, ndipo m'chaka chomwecho Russell Wilson, wosewera mpira wa ku America, anachoka ku North Carolina State kupita ku Wisconsin n'kukachita bwino kwambiri moti dziko lonse linadziwa kuti khomo limeneli lilipo. Kuyambira pamenepo chiwerengero cha osamuka atamaliza digiri chinkakwera chaka ndi chaka, makamaka mu basiketibolo ya amuna, mmene munthu mmodzi waluso amatha kusintha timu yonse chifukwa pabwalo pamakhala anthu asanu okha.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi amakonda kwambiri masewero amenewa, ndipo ndi iye amene anandiuza kuti kale yunivesite inkatha kuletsa wosewera amene wamaliza maphunziro kuti asakasewerere timu inayake. Zimenezi zandivuta kukhulupirira. Munthu amene walandira digiri yake ali ndi ngongole yanji ndi sukuluyo? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mwana wanu wakuuzani zoona, mayi, ndipo zimenezi zinkachitika poyera, motsatira malamulo. Kufikira mu Okutobala 2018, yunivesite ina sinkaloledwa kulankhula ndi wosewera wa sukulu inzake popanda kalata yachilolezo yochokera kusukulu imene wosewerayo ali, ndipo kalatayo ikakanizidwa, sukulu yatsopano sinkatha kumupatsa sikolashipu ya masewero m'chaka choyamba. Choncho kochi ankatha kuuza mnyamata kuti apite kulikonse kupatula masukulu amene walemba pa pepala, ndipo kawirikawiri pa pepalapo pankakhala matimu onse a mu ligi yawo komanso ena amene adzakumane nawo sizoni yotsatira. Kuwonjezera apo, maligi ena anali ndi malamulo awoawo okhwimitsa zinthu kwa wosamukira ku timu ya mu ligi yomweyo.

Nkhani ya Todd O'Brien ikuonetsa mmene mphamvu imeneyi inkapwetekera. Iye anamaliza digiri pa Saint Joseph's University ya mumzinda wa Philadelphia mu 2011, ndipo anapita ku UAB, yunivesite ya mumzinda wa Birmingham m'boma la Alabama, kuti akachite digiri yachiwiri ndi kusewera sizoni yake yomaliza. Sukulu yakaleyo inakana kusaina chikalata chomumasula, ndipo NCAA nayo inakana pempho lake. Mnyamatayo ankakonzekera pamodzi ndi anzake atsopano tsiku ndi tsiku, kuthamanga ndi kutuluka thukuta ngati wina aliyense, koma likafika tsiku la masewero dzina lake silinkaoneka pa mndandanda wa osewera. Sizoni inatha osasewerapo ngakhale mphindi imodzi, ndipo nthawi yake ya basiketibolo ya kuyunivesite inathera pomwepo.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, zofanana ndi zimenezi zinatsala pang'ono kuchitikira Cameron Johnson, koma mphepo inali itayamba kutembenuka. Johnson anamaliza digiri pa University of Pittsburgh m'zaka zitatu, atakhoza bwino kwambiri, ndipo popeza chaka chake choyamba chinatha ndi kuvulala, anali ndi masizoni awiri otsala. Mu 2017 anasankha kupita ku North Carolina, imene inali itangotenga kumene chikho cha dziko lonse ndipo ili mu ligi imodzi ndi Pittsburgh, yotchedwa ACC. Akuluakulu a Pittsburgh anamuuza kuti akhoza kupita, koma ayenera kukhala chaka chimodzi osasewera, kutanthauza kuti pa masizoni awiri aja akanatsala ndi imodzi. Johnson sanakalirire kuchipinda. Analemba chikalata chimene chinafalitsidwa m'manyuzipepala, ndipo m'menemo anakumbutsa anthu kuti pa nthawi imene iye anali pasukulupo kochi wake woyamba, a Jamie Dixon, anachoka kupita ku TCU, kochi wachiwiri, a Kevin Stallings, anabwera kuchokera ku Vanderbilt, ndipo akuluakulu ena a zamasewero anasinthanso malo a ntchito, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anauzidwa kuti adikire chaka. Anthu ambiri anamuikira kumbuyo, ndipo mu Juni chaka chomwecho Pittsburgh inabweza chiletsocho. Johnson anasewera masizoni ake awiri ku North Carolina, ndipo mu 2019 anakhala wachinambala 11 kusankhidwa pa chisankho cha osewera atsopano a NBA, ligi yaikulu ya akatswiri a basiketibolo ku America, n'kuyamba ntchito yake ku Phoenix Suns.

Makochi ankateteza mchitidwewu ponena kuti wosewera amene wakhala nawo zaka zitatu amadziwa zinsinsi zonse za kaseweredwe ka timu, ndipo si bwino kuti akazipereke kwa mdani wapafupi. Ife mfundo imeneyi sitiiona kulemera kwake, chifukwa masewero onse a Division I amajambulidwa, ndipo timu iliyonse ili ndi anthu amene ntchito yawo ndi kuonera makanema a anzawo usiku ndi usana. Chimene makochi ankaopa kwenikweni, mmene tikuonera ife, chinali manyazi ogonjetsedwa ndi mwana amene anamulera okha, ndipo manyazi a munthu wamkulu si chifukwa chokwanira cholandira mnyamata chaka chimene sadzachipezanso. Pa funso lanu la ngongole, sikolashipu ya masewero ndi pangano lakuti wophunzira asewerere sukulu pamene sukuluyo ikumulipirira maphunziro, ndipo amene wasewera n'kumalizanso digiri wakwaniritsa mbali yake yonse.

FUNSO: Akonzi, ine ndimaphunzitsa achinyamata basiketibolo, ndipo ndimaona kuti inu olemba nkhani mumakonda kuikira kumbuyo osewera osaganizira makochi a masukulu ang'onoang'ono. Kochi amapeza mwana amene masukulu akuluakulu anamukana, amamusula kwa zaka zitatu kapena zinayi, ndiye pamene wapsa, timu yolemera imabwera kudzakolola pamene sinafese. Kodi chimenechi n'chilungamo? Malamulo oletsa aja sanali oteteza ofooka? Ndine kochi wa achinyamata.

YANKHO: Bambo kochi, dandaulo lanu n'lomveka, ndipo sitikufuna kulichepetsa, chifukwa zimene mwafotokozazi zinachitikadi ndipo zinawonongetsa ntchito za anthu. Mu 2015 Damion Lee, amene ankagoletsa mapointi opitirira 21 pa masewero alionse ku Drexel ya ku Philadelphia, anasamukira ku Louisville atamaliza digiri. Sizoni yotsatira Drexel inapambana masewero asanu ndi limodzi okha, ndipo kochi wake, a Bruiser Flint, amene anakhala pa udindowo zaka 15, anachotsedwa ntchito. Mu 2015 momwemo Cleveland State inataya osewera ake awiri odalirika m'njira yomweyo, Trey Lewis amene anapitanso ku Louisville ndi Anton Grady amene anapita ku Wichita State, ndipo timu imene inkalimbirana malo apamwamba mu ligi yake inagwera pansi. Munthu amene anaona zimenezi ali ndi chifukwa chokwiyira. Zinafika poti m'manyuzipepala munkamveka zoti makochi ena a masukulu ang'onoang'ono akuganiza zochedwetsa dala maphunziro a osewera awo kuti asamalize digiri msanga, zimene zikuonetsa mmene mantha angapotozere cholinga cha sukulu.

Komabe tiyeni tione mbali ya mnyamata. Wosewera wa sukulu yaing'ono amakhala mu ligi imene kawirikawiri imatumiza timu imodzi yokha ku mpikisano wa dziko lonse wa mwezi wa Malichi, umene kuyambira mu 2011 unkakhala ndi matimu 68, ndipo akhoza kutha zaka zinayi osaonekako pa wailesi yakanema ya dziko lonse. Sizoni yomaliza ndiyo mwayi wake wokhawo woti osaka osewera a NBA ndi a makalabu a ku Ulaya amuone akulimbana ndi anthu aluso kwambiri. Lee ndi Lewis anapita ku Louisville ndi cholinga chimodzi, choti akasewereko mumpikisano umenewu, ndipo tsoka linawatsatira komweko: mu Febuluwale 2016 yunivesiteyo inadziletsa yokha kulowa mumpikisanowo chifukwa cha nkhani yochititsa manyazi yokhudza mmene ankakopera osewera atsopano, imene inachitika anyamata awiriwa asanafike. Tikutchula zimenezi kuti muone kuti wosamuka nayenso amaika zambiri pachiswe, ndipo amalipira zolakwa za akuluakulu popanda womubwezera. Lee pambuyo pake analowa mu NBA movutikira ndipo mu 2022 anatenga chikho ndi Golden State Warriors.

Ena zinawayendera msanga. Mu 2019 Texas Tech inafika m'ndime yomaliza ya mpikisanowu kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, ndipo awiri mwa asanu oyamba kulowa m'bwalo anali osamuka atamaliza digiri: Matt Mooney wochokera ku South Dakota, amene anagoletsa mapointi 22 pogonjetsa Michigan State m'ndime yachiwiri kwa yomaliza, ndi Tariq Owens wochokera ku St. John's. Anagonja kwa Virginia ndi mapointi 85 kwa 77 m'nthawi yowonjezera mumzinda wa Minneapolis. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo n'zovuta kumuuza Mooney kuti akanachita bwino kutsala kumene anali.

Pali mfundo ina imene oteteza malamulo akale saikonda. Kuyambira mu 1973 mpaka cha mu 2012, NCAA inkalola masikolashipu a chaka chimodzi chokha, amene sukulu inkatha kuwonjezera kapena kusawonjezera chaka chikatha, choncho kochi ankatha kutaya wosewera amene sakumusangalatsa, pamene wosewera sankatha kusiya kochi popanda chilango. Ndiponso kochi wa sukulu yaing'ono akachita bwino sizoni imodzi, iye mwini ndi amene amayamba kunyamula katundu kupita kumene kuli malipiro aakulu. Tisaiwalenso kuti madzi sayenda mbali imodzi yokha, pakuti osewera ambiri amene ankangotenthetsa benchi m'masukulu otchuka amatsikira ku masukulu ang'onoang'ono kukasewera sizoni yomaliza, ndipo makochi omwewo amawalandira ndi manja awiri. Kusiyana kwa chuma pakati pa mayunivesite kulipodi ndipo n'kwakukulu, koma kumachokera ku ndalama za wailesi yakanema ndi mmene maligi amagawirana, ndipo kumanga miyendo ya mnyamata wa zaka 22 sikungakuthetse.

FUNSO: Akonzi, monga mphunzitsi wopuma pantchito, chimene chimandidetsa nkhawa ndi maphunziro. Kodi anyamata amenewa amapitadi kukaphunzira digiri yachiwiri, kapena dzina la wophunzira ndi chovala chabe chobisalira? Ngati ndi chovala, bwanji osawaletsa? Ndine mphunzitsi wopuma.

YANKHO: Aphunzitsi, mwakhudza pamene pali chilonda. Kafukufuku wa NCAA yomwe anapeza kuti mwa amuna osewera basiketibolo amene anasamuka atamaliza digiri, pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu alionse ndi amene anali atamaliza digiri yachiwiri patapita zaka ziwiri, ndipo ambiri ankachoka pasukulu sizoni ikangotha. Chifukwa chake n'chosabisika. Maphunziro ambiri a digiri yachiwiri amatenga zaka ziwiri, pamene wosewerayo amabwera ndi sizoni imodzi imene imatha mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, ndipo ikangotha amayenera kuthamangira kokayesedwa ndi matimu a NBA kapena kukasaina pangano kunja kwa dziko, chifukwa thupi la wosewera silikhala lamphamvu mpaka kalekale. Kunena kuti onsewa amapita chifukwa chokonda mabuku kungakhale kudzinamiza.

Mfundo imeneyi ndiyo inabala ganizo lokhwima kwambiri pa onse amene anaperekedwapo pa nkhaniyi. Komiti ina ya NCAA inapempha kuti yunivesite imene yalandira womaliza digiri mu basiketibolo ya amuna, ya akazi kapena mu mpira wa ku America iziwerengeredwa sikolashipu imeneyo kwa zaka ziwiri ngakhale wosewerayo atasewera chaka chimodzi chokha, pokhapokha ngati iye wamaliza digiri yachiwiri m'chaka chimodzicho. Pa nthawiyo timu ya amuna inkaloledwa masikolashipu 13 okha ndipo ya akazi 15, choncho kukhala ndi malo amodzi opanda munthu kwa chaka chathunthu chinali chilango chenicheni. Lamulo lotereli silikanaletsa aliyense mwachindunji, koma likanachititsa makochi kuganiza kawiri asanatenge wosamuka aliyense amene si katswiri weniweni, ndipo ovutika akanakhala osewera wamba, osati otchuka. Khonsolo ya Division I inalikana ganizoli mu Epulo 2019.

Ife tikuona kuti inachita bwino kulikana, ndipo chifukwa chathu n'chakuti ganizolo linkasankha anthu oti liwalange. Womaliza digiri amene watsala pasukulu yake yakale, n'kulembetsa maphunziro a digiri yachiwiri amene nayenso sadzawamaliza, silinkamukhudza. Mnyamata waluso amene amabwera chaka chimodzi chokha pakoleji podikira kukwanitsa zaka 19 zimene NBA imafuna, n'kuchoka wopanda digiri ina iliyonse, silinkamukhudzanso. Osewera masewero amene sabweretsa ndalama zambiri analinso kunja kwa lamulolo. Ngati nkhawa inalidi ya maphunziro, n'zodabwitsa kuti inagwera pa gulu lokhalo limene linali litachita kale chimene sukulu imafuna. Inu aphunzitsi mukudziwa bwino kuposa ife kuti mwana amalimbikira akaona mphoto kutsogolo, ndipo kwa zaka zambiri ufulu wosamuka popanda kudikira unali mphoto yooneka ndi maso imene inkakankha osewera kuti amalize digiri yoyamba pa nthawi yake.

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti mayunivesite otchuka ngati Harvard ndi Yale salola n'komwe womaliza digiri kusewera. Kodi n'zoona? Ndine wophunzira wa pakoleji.

YANKHO: N'zoona, ndipo lamulo lawo limagwira ntchito mosemphana ndi malamulo amene takambirana pamwambapa. Ivy League, imene ili ndi mayunivesite asanu ndi atatu kuphatikizapo Harvard, Yale, Princeton ndi Columbia, sipereka masikolashipu a masewero ndipo imafuna kuti osewera ake akhale ophunzira a digiri yoyamba okha. Choncho wosewera amene wamaliza digiri ali ndi sizoni yotsala samangidwa kuti asachoke, koma amachita kukankhidwira kunja. Makai Mason anachoka ku Yale kupita ku Baylor mu 2018 atataya nthawi yaitali chifukwa cha kuvulala phazi, ndipo Mike Smith anachoka ku Columbia kupita ku Michigan mu 2020. Ligiyi inangomasula lamuloli kamodzi, kwa sizoni ya 2021 mpaka 2022, itathetsa masewero a sizoni ya 2020 mpaka 2021 chifukwa cha mliri wa COVID-19. Kumbali ya akazi, Kaitlyn Chen anamaliza digiri ku Princeton mu 2024, anapita ku Connecticut, ndipo mu Epulo 2025 anali m'gulu la asanu oyamba a timu imene inagonjetsa South Carolina n'kutenga chikho cha dziko lonse.

FUNSO: Akonzi, zonsezi ndi mbiri. Lero zinthu zili pati? Kodi womaliza digiri akadali ndi mwayi woposa wosewera wina amene sanamalize? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Zinthu zasintha kwambiri, ndipo zasintha mofulumira kuposa mmene makochi kapena osewera ankayembekezera. Pa 15 Okutobala 2018 NCAA inathetsa dongosolo lopempha chilolezo lija n'kukhazikitsa kaundula wa pa intaneti wotchedwa transfer portal. Wosewera amangodziwitsa sukulu yake kuti akufuna kuchoka, sukuluyo imakakamizidwa kulowetsa dzina lake m'kaundulamo pasanathe masiku awiri a ntchito, ndipo kuyambira pamenepo kochi aliyense ali ndi ufulu womuimbira foni. Mu Epulo 2021 wosewera aliyense, womaliza digiri kapena ayi, analoledwa kusamuka kamodzi popanda kudikira chaka. Chiletso chinatsala kwa osamuka kachiwiri, koma nacho sichinakhalitse, chifukwa maboma asanu ndi awiri, motsogozedwa ndi la Ohio, anasumira NCAA ponena kuti lamulolo likuphwanya malamulo a dziko oteteza mpikisano pa malonda, ndipo pa 13 Disembala 2023 woweruza wa khoti la boma lalikulu ku West Virginia, a John Preston Bailey, analamula kuti liyambe laima. Mu Epulo 2024 NCAA inagonja n'kulola kuti wosewera asamuke kangapo konse malinga ngati maphunziro ake akuyenda bwino.

Zimenezi zikutanthauza kuti mwayi waukulu umene womaliza digiri anali nawo yekha tsopano ndi wa aliyense. Chimene chatsala ndi malire a masiku. Kuyambira mu 2022 NCAA inaika nyengo yoti osewera azilowera m'kaundula uja, imene mu basiketibolo inayamba ndi masiku 60, kenako inatsika kufika pa 45, pa 30, ndipo mu 2026 pa 15. Poyamba omaliza digiri sankamangidwa ndi nyengo imeneyi, koma pambuyo pake nawonso anayamba kuikiridwa malire, moti amene akufuna kusamuka ayenera kufunsa ofesi yoona za malamulo pasukulu yake kuti tsiku lomaliza ndi liti chaka chimenecho, osadalira zimene zinkachitika chaka chatha. Ndalama nazo zalowa m'nkhaniyi poyera. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo, ndipo mu Juni 2025 woweruza a Claudia Wilken a ku California anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wina waukulu, umene unalola yunivesite iliyonse kugawira osewera ake mwachindunji ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Wosewera wokhwima wa chaka chachisanu, amene kale ankangofuna malo oonekera, lero ndi mmodzi mwa anthu ofunidwa kwambiri pa msika umenewu.

Komabe womaliza digiri akadali ndi chinthu chimodzi chimene anzake alibe, ndipo ife tikuchiona kuti n'chachikulu kuposa mmene chimakambidwira. Wophunzira amene akusamuka asanamalize digiri yoyamba amatha kupeza kuti sukulu yatsopano yakana kuwerengera ena mwa maphunziro amene anachita kale, ndipo amene wasamuka katatu akhoza kumaliza masizoni ake onse ali kutali ndi digiri. Amene ananyamuka digiri ili m'thumba alibe choti ataye kumbali imeneyi. Apa tiyenera kuvomereza kwa aphunzitsi amene atilembera pamwambapa kuti ufulu wa onsewu wachotsa mphoto ija imene inkakankha anyamata kumaliza digiri yoyamba msanga, ndipo palibe chimene chaikidwa m'malo mwake.

Mkangano wokha sunathe, wangosamukira pa zaka zowerengedwa zija. Osewera amene anasewera sizoni ya 2020 mpaka 2021 anapatsidwa chaka chowonjezera chifukwa cha mliri, zimene zinachulukitsa omaliza digiri m'matimu kwa zaka zingapo, ndipo anthu atazolowera kuona osewera a zaka 24 pabwalo, ena anayamba kufunsa chifukwa chimene malirewo ayenera kukhalira pamene ali. Mu Disembala 2024 Diego Pavia, wosewera mpira wa ku America wa ku Vanderbilt, anapeza chigamulo cha khoti ku Tennessee choti zaka zimene anasewera pa koleji yaing'ono ya zaka ziwiri zisamulepheretse kusewera sizoni ina, ndipo NCAA inapereka chaka chowonjezera kwa osewera ena a mbiri yofanana ndi yake, kuphatikizapo a basiketibolo, pa sizoni ya 2025 mpaka 2026.